Dzinja likamatha, komboni imachita maluwa

Mlendo akafika mu Lusaka n'kufunsa nthawi imene mzindawu umakongola, ambiri amamuuza kuti adzabwerenso mu Okutobala. Pamenepo mitengo ya jakaranda ya m'misewu ya ku Ridgeway, Rhodes Park ndi Longacres imakhala itayoyola masamba n'kuvala maluwa a pepo okhaokha, ndipo Novembala akamalowa mitengo ya flamboyant imafiira psuu. Amenewo ndiwo maluwa amene amajambulidwa n'kuikidwa pa makalendala. Ife a kukomboni Okutobala timamudziwa ndi fumbi, thukuta ndi mzere wa zigubu pa mpopi. Maluwa athu amachedwa. Amayamba mu Febuluwale, amafika pachimake mu Malichi, ndipo ena amalowa nawo mu Epulo mvula ikamatsazika. Amachita matope ali thoo m'njira, udzudzu ukulira m'makutu, ufa utakwera mtengo, chimanga chatsopano chisanakhwime. Mwina n'chifukwa chake sitiwatchula kawirikawiri, poti nthawi imeneyo maso amakhala pansi kufunafuna popondapo.

Ndakhalapo ku Chawama ndi ku Mtendere, ndipo abale anga ali ku Kanyama ndi ku George. Konseku duwa loyamba kulipatsa ulemu ndi la dzungu. Azakhali anga a ku Kanyama, amene anachoka ku Katete ali mtsikana, ali ndi kabwalo koti mphasa zitatu sizingakwanepo. Mvula yoyamba ikangonunkhiritsa dothi, amakwirira njere za maungu m'mbali mwa khoma, pamene amatayirapo phulusa la pa mbaula. Pofika Febuluwale chibwabwa chija chimakhala chitayanga, chakwera kabafa ka masaka, chadutsa pa malata a khitchini, nsonga zake zalendewera kwa aneba. Ukadzuka mame asanakamuke umapeza maluwa atayasama, akuluakulu, achikasu chowala, onyowa m'kati. Njuchi zimalowa chamutu mpaka kusowa, n'kutuluka chambuyo zitapakika mungu thupi lonse, zikulemedwa pouluka. Dzuwa likafika paliwombo maluwawo amapinda milomo n'kufota. Lililonse limakhala ndi m'mawa umodzi wokha.

Azakhali akamatuma mdzukulu kukathyola chiluwe samusiya yekha. "Iwe, tayang'ana kaye kuseri kwa duwalo. Ukaona kadzungu patsinde, limenelo n'lalikazi, usalikhudze. Ili la kakhosi katali kopanda kanthu ndilo lalimuna, thyola. Koma usamalize onse, usiyeko awiri atatu kuti njuchi zipeze potenga." Mwanayo amayankha kuti, "Chabwino agogo," n'kumayenda chonyang'ama pakati pa masamba oyabwa. Zimene akuphunzira pamenepo ndi zomwezo zimene zili m'mabuku a zaulimi. Dzungu limabereka maluwa aamuna ndi aakazi padera pa mtengo umodzi, aamuna ndiwo amayamba ndipo amachuluka, ndipo mungu wake ndi wolemera ndi womata moti mphepo siingaunyamule. Popanda njuchi kapena kachilombo kena koupititsa ku duwa lalikazi, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa. Amene wathyola aamuna onse wadya ndiwo za lero n'kuluza maungu a mu Epulo. Chiluwe chothyoledwacho amachisadzula pamodzi ndi masamba anthete, amachiphika ndi phwetekere n'kutendera nsinjiro, ndipo chotsala amachifutsa n'kuyanika padenga tsiku limene dzuwa lawala.

Therere lobala, limene kuno timati delele, lili ndi duwa limene ndikanakonda aliyense ataliyang'ana kamodzi mofatsa. Ndi lachikasu chotuwira, lofewa, ndipo pakatikati pali kadontho kofiira kwambiri mpaka kuderako. Nalonso limatseguka m'mawa n'kufota tsiku lomwelo, ndipo pakapita masiku anayi kapena asanu kachipatso kake kamakhala katakwana kudula; ukachedwa kamalimba, mpeni umakana. Lumanda, ndiwo yowawasa ija imene ena amati chidede, duwa lake n'chimodzimodzi, ndipo si mwangozi. Therere, lumanda, thonje la kwathu kum'mawa ndi hibiscus wa m'mipanda ya kumayadi ndi banja limodzi. Amene anakulira m'munda wa thonje ku Petauke kapena ku Katete akaona duwa la delele ku George amalizindikira nthawi yomweyo. Pambali pa zimenezi pali suntha ndi timaluwa take toyera ta ndevu zazitali, bondwe amene watulutsa ngala zodzaza njere, ndi impwa ya timaluwa ting'onoting'ono toweramira pansi.

Ndinkadzifunsa chifukwa chimene mbewu zina zimadikirira mpaka nthawi ino, pamene mvula inayamba kale mu Novembala. Zina zimangofunika kukula kaye. Koma zina zimawerenga kutalika kwa usana ndi usiku. Lusaka ali pafupifupi madigiri 15 kum'mwera kwa equator, choncho mu Disembala usana umatalika pafupifupi maola 13, ndipo pofika Juni umatsika kufika maola 11 ndi mphindi zochepa. Ife kusiyana kumeneku sitikumva kwenikweni, koma lumanda ndi cosmos zimakumva. Akatswiri awiri a zomera a ku America, Garner ndi Allard, ndiwo anafotokoza zimenezi mu 1920, atadabwa ndi mtundu wina wa fodya wotchedwa Maryland Mammoth umene unkangotalika osachita maluwa mpaka masiku atafupika. Pambuyo pake kunadziwika kuti chimene mbewuzo zimayeza makamaka ndi kutalika kwa mdima. N'chifukwa chake poinsettia amadikira nyengo yozizira kuti afiire, ndipo akabzalidwa pansi pa babu loyaka usiku wonse amatha kukhala wobiriwira osasintha. Zimandisangalatsa kudziwa kuti lumanda wa kuseri kwa kantemba akutsatira kayendedwe ka dzuwa mosaphonya, chaka ndi chaka, popanda womuuza.

Ndiye pali maluwa ena osadyedwa, ndipo amenewa ndi amene ndikufuna kuwaikira kumbuyo. Yendani m'tinjira ta ku Matero kapena ku Mtendere mu Malichi. Pa khonde lopakidwa Cobra wofiira mudzapeza zitini za penti, mabeseni obooka, matayala akale ndi zigubu za mafuta ophikira zodulidwa pakati, zonse zitafoledwa bwinobwino. M'menemo muli marigold wa fungo lamphamvu, zinnia wa mitundu yosiyanasiyana pa kamtengo kowongoka, cosmos amene amagwedezeka ndi kamphepo kalikonse. M'mbali mwa ngalande mwaima canna wa masamba aakulu ndi maluwa ofiira kapena achikasu. Pafupi ndi chitseko pali aja otseguka madzulo anthu akamaweruka, onunkhira usiku, amene njere zake zakuda ana amaseweretsa. Eni ake ambiri sawatchula ndi mayina a m'mabuku. Amangoti aja ofiira, aja onunkha, aja ndinatenga kwa amake uje. Koma amadziwa lomwe limafuna mthunzi, lomwe limawola likamwa madzi ambiri, lomwe mbuzi siidya.

Mbewu zimenezi zinafika bwanji kukomboni? Zambiri zinabwera pa njinga. Amalume anga anagwira ntchito ya m'munda ku Kabulonga kwa zaka zambiri. Akadulira mpanda kapena kupatulira canna amene wathinana, zodulidwazo zinali zokataya kudzala, ndipo iwo ankasankhapo zabwino, kuzikulunga m'nyuzipepala yonyowa n'kumangirira pa kaliyala. Pofika kunyumba ankagawira akazi awo, alongo awo ndi aneba. Manja amene ankathirira kapinga wa kumayadi ndi omwewo amene ankadzabzala m'chitini kukomboni dzuwa litalowa. Amalumewo ankadziwa kumezanitsa maluwa a rozi ndi mitengo ya malalanje, ankadziwa nthawi yodulira bougainvillea kuti achite maluwa ambiri, koma pa chiphaso chawo cha ntchito panalibe mawu osonyeza luso limenelo.

Apa m'pamene mbiri ya mzindawu imandikhudza. Lusaka anakonzedwa kuti akhale mzinda wa minda ya maluwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 boma la atsamunda linaitana Stanley Adshead, mphunzitsi wa zokonza mizinda wa ku London, kuti ajambule likulu latsopano, ndipo iye anatsata maganizo a Ebenezer Howard a mzinda wa misewu yotakata, mitengo ndi mabwalo aakulu, umene Angelezi ankautcha Garden City. Mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kubwera kuno. Koma mapulaniwo anali a azungu ndi maofesi awo. Munthu wakuda ankawerengedwa ngati wantchito wongodutsa, woyenda ndi chitupa, wogona kuseri kwa nyumba ya bwana kapena pa msasa wa kampani, amene ntchito ikatha abwerera kumudzi. Paja akulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo umo ndi mmene ankationera. Mayina a makomboni ena, monga John Laing, John Howard ndi George, ndi a eni malo kapena mabwana a ntchito amene anthu anamanga misasa pa malo awo. Matero anamangidwa ndi boma la mzinda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, koma nyumbazo sizinakwanire. Ufulu utabwera mu 1964 zitupa zinatha, anthu anakhamukira mu mzinda, ndipo makomboni anakula. Mtendere anatsegulidwa mu 1967 kuti anthu apatsidwe mapuloti adzimangire okha. Mu 1974 kunabwera lamulo lovomereza makomboni ena ndi kupatsa eni nyumba chilolezo chokhalapo zaka 30, ndipo ndi ngongole ya World Bank madera a Chawama, George ndi Chaisa analandira misewu ndi mipopi. Lero anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse a mu Lusaka amakhala m'madera otere.

Ndikaona mtengo waukulu wa mango kapena wa mapeyala pakati pa nyumba zothinana za ku George, ndimadziwa kuti pali munthu amene anaubzala nthawi imene sankadziwa ngati mawa lake nyumba yake siigwetsedwa. Anabzalabe. Maluwa a mu Malichi ndi ang'ono poyerekeza ndi mtengo, koma mtima wake ndi womwewo. Munthu sathirira zinnia pamalo pamene akudziona ngati wodutsa. Amene ali ndi pake amabzala pansi. Wa lendi, amene sadziwa tsiku limene alandilodi adzakweze mtengo wa chipinda, amabzala m'chitini kuti posamuka adzanyamule. Onse awiri akunena kuti pano ndi pakhomo, pamafunika kuoneka bwino.

Pali funso limene ndalimva kambirimbiri, makamaka kwa abambo okhala pa benchi la pa kantemba: "Nanga maluwa amadyedwa?" Ena amawonjezera kuti zimenezo n'zachizungu, ife zathu ndi chimanga ndi maungu. Funsoli sindilinyoza, pakuti limachokera mu njala yeniyeni, ndipo Febuluwale ndi mwezi umene mabanja ambiri amadya kamodzi patsiku. Koma mbiri ya mbewu siigwirizana ndi kugawa kotereku. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika ku Africa ndi amalonda a panyanja pambuyo pa chaka cha 1500. Maungu nawo ndi a ku America. Marigold, zinnia ndi cosmos kwawo ndi ku Mexico komweko, kwawo kwa chimanga. Za kuno kwenikweni ndi mapira, mawere, khobwe, nzama ndi suntha. Ngati chimanga tinachilandira mpaka kukhala nsima yathu, sindiona chifukwa chotchulira marigold kuti ndi mlendo.

Ndingathe kuwateteza maluwawa ndi phindu lawo. Mizu ya marigold imachepetsa timinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya phwetekere, ndipo maluwa alionse amaitana njuchi zomwe zija zimene dzungu likuzifuna. Zimenezo n'zoona, koma sindifuna kuimira pamenepo, ngati kuti wosauka ayenera kupereka chifukwa chomveka asanaloledwe kukonda chinthu chokongola. Wa kumayadi safunsidwa ngati kapinga wake amadyedwa. M'matchalitchi a Katolika guwa limakhala lopanda maluwa pafupifupi nyengo yonse ya Lenti, ndipo Pasaka akafika, kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, amayi amabwera ndi canna, zinnia ndi cosmos za m'makomo mwawo atazinyamula m'ndowa. Pa maliro, amene sangakwanitse nkhata yogula amathyola pakhomo n'kupita nawo ku manda a ku Chingwere. Wodwala amene wagona m'chipinda cha zenera limodzi amaona chimene chili pa zenera limenelo tsiku lonse. Kunja kwa mzinda kuli mafamu a maluwa a rozi olimidwa m'nyumba za pulasitiki, amene amakwera ndege kupita kumisika ya ku Netherlands, ndipo Febuluwale ndi nyengo yawo yotanganidwa chifukwa cha tsiku la Valentine. Amayi amene amadula ndi kulongedza maluwa amenewo sawagula. Akabwerera kunyumba amapeza awo a m'chitini, ndipo ndikukhulupirira kuti amawayang'ana ndi diso la munthu wodziwa duwa labwino.

Chimene chimalola maluwa onsewa ndi madzi aulere. Miyezi ina yonse madzi kukomboni ndi ogula, chigubu cha malita 20 chilichonse ndi ndalama, ndipo amene wachinyamula kuchokera ku kiosk sangachikhuthulire pa duwa. Dzinja lokha ndilo limathirira wosauka ndi wolemera mofanana. Koma ku Kanyama madzi omwewo ndiwo mdani. Pansi pa dera limeneli pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, malo ndi athyathyathya, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa masiku otsatizana nthaka imakhuta, madzi amasowa kolowera, amadzaza maenje amene anthu anakumbamo miyala, amalowa m'nyumba. Zimbudzi zokumba zimasefukira n'kusakanikirana ndi zitsime zosaya. Chigumula cha ku Kanyama cha mu 1978 akuluakulu amachikumbukirabe, ndipo kuyambira pamenepo dzinja lililonse la mvula yambiri limabweretsa nkhani yomweyo. Kolera ya mu 2017 ndi 2018 inakantha kwambiri Kanyama. Ya mu 2023 ndi 2024 inaposa pamenepo: bwalo la masewero la Heroes linasandutsidwa chipatala, sukulu sizinatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 700 anamwalira.

Madzi akayamba kukwera, azakhali amasanjika zitini zawo pa mabuloko, pamodzi ndi thumba la makala ndi la ufa. Marigold wa pansi amawola mizu pakangopita masiku ochepa. Canna amapirira, poti iye amakonda chinyontho. Chopweteka ndi chibwabwa. Chimene chakwera padenga chimapulumuka, koma chimene chayanga pansi, pamene padutsa madzi a m'chimbudzi, sichidyedwanso. Ndinawaona akuchizula ndi manja ovala mapepala a pulasitiki, chili ndi maluwa ndi timaungu tomwe, osalankhula kanthu. Mnansi wina podutsa anawapepesa kuti, "Pepani amama, walira mvula walira matope." Iwo anavomera mwaulemu. Ine mwambiwo ndimaulemekeza kumunda, koma ku Kanyama umandivuta kuuvomera. Matope a kumunda amachokera kumwamba. Madzi oipa amene amaima m'nyumba ya munthu sabata yathunthu amachokeranso ku ngalande zimene sizinakumbidwe, zinyalala zimene sizinatoledwe ndi zimbudzi zimene sizinamangidwe moyenera malowo. Zimenezo anthu angathe kuzikonza.

Chaka chomwecho cha 2024 tinaonanso mbali inayo. Kolera isanathe mvula inadula, pa nthawi yoipitsitsa. Chimanga nachonso chimachita maluwa, ngakhale sitichitcha choncho. Ngayaye ya pamwamba ndiyo yaimuna, imathothola mungu umene mphepo imaugwetsera pa ndevu za chisononkho, ndipo ulusi uliwonse wa ndevuzo umapita ku njere imodzi. Ulusi umene sunalandire mungu, pamalo pake pamakhala gweru. Nthawi imeneyi ndi ya masiku owerengeka, ndipo chinyontho chikasowa ndevu zimachedwa kutuluka, mungu umauma usanagwire ntchito. Mu Lusaka chimanga chimabzalidwa paliponse pamene pali dothi: m'mbali mwa njanji, pansi pa mawaya a magetsi, pa puloti imene mwini wake sanayambe kumanga. Febuluwale ameneyo chinapota masamba chili ndi ngayaye, chinayera chiliimire. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo ananena kuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga anali atawonongeka. Zotsatira zake tinazimva pa mtengo wa ufa ndi pa mdima wa magetsi madzi a m'nyanja ya Kariba atachepa. Kuyambira chaka chimenecho ndikaona ngayaye zikugwedezeka m'mawa wa chinyezi, mungu ukuthothoka, ndimaima kaye. Nsima ya chaka chonse imagamulidwa m'masiku amenewo.

Nkhawa yanga ina ndi yakuti dothi lenilenilo likutha. Pamene panali kadimba zaka khumi zapitazo lero pali chipinda cha lendi, kenako china, mpaka puloti yonse yadzaza, kwangotsala kanjira koti munthu adutse chammbali. Alandilodi sindiwadzudzula. Ambiri ndi okalamba opanda penshoni, kapena amayi amasiye, ndipo chipinda chimodzi chimagula ufa ndi yunifolomu pamene canna sagula kanthu. Ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, kumene kuli pafupi ndi yunivesite ndi masitolo akuluakulu, malo akwera mtengo ndipo nyumba zogonamo ophunzira zikumera paliponse. Bwalo lotsala limathiridwa simenti kuti pasakhale matope. Pakhomo pamodzi zimenezi n'zanzeru, koma makomo onse akatero madzi a mvula amasowa polowera n'kuthamangira kwa amene ali kunsi. M'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata anyamata a ku Kalingalinga amaumba miphika ya maluwa ya simenti ndi kugulitsa mbande m'timatumba takuda, zofoledwa mwaluso. Ogula ambiri amabwera pa galimoto n'kulowera nazo ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Luso lili kukomboni monga kale, ndipo munda uli kwina monga kale.

Ana a sukulu amatengedwa pa basi kupita ku Munda Wanga ku Chilanga, munda umene anauyambitsa Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950, kuti akaone zomera. Ndi ulendo wabwino ndipo ndimafuna mwana aliyense atapitako. Koma ndikanakondanso kuti okonza misewu ndi ngalande m'makomboni azisiya kamzere ka dothi m'mbali, ngakhale kotalika phazi limodzi, m'malo mophimba zonse. Safunika kubzalapo kanthu. Amayi a m'njira imeneyo adzabzala okha, ndipo sadzapempha malipiro.

Malichi akamatha ntchito imasanduka ya mbewu. Duwa la zinnia limasiyidwa liume pa mtengo mpaka lichite khofi, kenako amalifikisa m'manja n'kuuzira mankhusu. Marigold ukamusolola amatuluka timitengo takuda tosongoka, tambirimbiri m'duwa limodzi. Delele wosiyidwa dala amauma n'kung'ambika m'mizere. Njere za dzungu lokoma kwambiri, lija aliyense analiyamikira, zimatsukidwa n'kuyanikidwa pa lichero. Zonsezi zimalowa m'mabotolo a mankhwala otha, m'mabokosi a machesi, m'kapepala komangidwa ndi ulusi, ena amathiramo phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Palibe amene amagulitsa kwa mnansi. Umapempha, umapatsidwa, chaka chamawa nawe udzapatsa wina. Nthawi yomweyo m'mbali mwa misewu yotuluka mu mzinda ndi m'mapuloti osamangidwa deliya amayamba kuchita chikasu, wamtali kuposa munthu. Nayenso ndi wa ku Mexico, masamba ake ndi owawa, ndipo alimi ena amawadula n'kuwakwirira kapena kuwaviika m'madzi kuti akhale manyowa. Deliya akachita maluwa aliyense amadziwa kuti mvula yapita, majuzi atuluke.

Epulo wapitayu mayi amene tinkakhala naye pa puloti imodzi anasamukira ku Chawama, lendi itamukulira. Anabwereka kagalimoto ka katundu, ndipo bedi, kabati, mbaula ndi matumba a zovala zitakwera, anayamba kutulutsa zitini. Dalaivala anadandaula: "Amayi, zimenezi zindidetsera galimoto, ndiponso malo atha." Iye anayankha kuti, "Abambo, ndiwonjezerapo kangachepe, koma izi sizitsala." Zinakwera zisanu, chachisanu ndi chimodzi anachifukata pamiyendo kutsogolo. Ziwiri zimene zinakanika anandisiyira ine, pamodzi ndi canna wa pansi amene sakanatha kumuzula. "Aneba, chilimwe chikubwerachi musawataye. Madzi ochapira a sopo wambiri ayi, amawotcha mizu. Muziwapatsa otsukuluzira mbale ndi otsukira mpunga, madzulo, dzuwa litapepa. Canna akauma masamba musadandaule, ali moyo pansi. Mbewu ya zinnia ndakuikirani pa zenera, theka mukapatse azakhali anu a ku Kanyama, anandipempha kalekale."